Galu Wachitsulo Sadamudziwe

Masiku amenewo khomo lililonse m'mudzimo linali ndi galu wachitsulo wozindikira eni nyumba powayang'ana m'maso. Galu wa kwa Felesiya adazolowera maso ake onjenjemera, lina loyang'ana kumbali, ndi mutu wopendekeka. Tsiku lomwe mayiyu adabwerako ku opaleshoni yowongola masowo, ali psuu, ulusi ukumuyabwa ngati mchenga, galuyo adamuyesa wakuba.

Adamulumphira pachipata n'kumuzika mano m'katumba.

"Bambo a Dalo, ndikufa ine!"

Mwamuna wake, Lufeyo, adathamanga n'kumugwira galuyo pakhosi. Felesiya adatola musi. Koma maso atsopanowo ankaonabe zinthu ziwiriziwiri: agalu awiri, amuna awiri. Adasankha mutu umodzi n'kumenya ndi mphamvu zake zonse. Lufeyo adagwa chafufumimba, magazi ali chuchuchu kukhutu.

Galu adatembenukiranso kwa mayiyu. Felesiya adapendeketsa mutu monga ankachitira kuyambira ubwana, n'kukakamiza diso lija kubwerera kumbali mpaka ulusi udaduka. Galu adagwedeza mchira.

"Wandidziwa tsopano, chitsiru iwe?" adatero, magazi akutsika patsaya. "Choka apa, ndinyamule mwamuna wanga."