Matailosi a ku Katuli

Simioni anali atagwada pabalaza, akupukuta simenti m'mizere ya matailosi ake atsopano, pamene Landirova yotuwa inaima pansi pa mtengo wa mango panja. Linali Loweruka masana, chaka cha 1987. Aliyense m'tauni ya Mangochi ankaidziwa galimoto imeneyo. Ikaima pakhomo pa munthu, anthu oyandikana naye ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito kuseri kwa nyumba zawo.

Munatsika anthu awiri: a Bonface, a ku ofesi ija yopanda chikwangwani, ndi dalaivala wawo. Zena, mkazi wa Simioni, anangosuzumira kamodzi pazenera n'kuthawira kuchipinda, kuseri kwa katani.

"Odi, aphunzitsi."

"Lowani, bwana." Mawu a Simioni anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana.

A Bonface anakana mpando. Anayenda pang'onopang'ono kuchoka pakhomo mpaka kukhoma, nsapato zikulira ko, ko, ko pamatailosi abuluu a maluwamaluwa. Dalaivala anaima pakhomo penipeni, m'nyumba munachita mdima.

Simioni anali mphunzitsi wa sitandade 7. Khadi la chipani silinkachoka m'thumba la malaya ake, ndipo pamisonkhano ankaimba mokweza kuposa anzake onse. Tchimo lake linali limodzi, kukonda zokongola. Atayamba kukonzanso kanyumba kake, simenti yofiira ya wina aliyense ija inamunyansa. Koma matailosi akanawapeza kuti? Amwenye anali atasamutsira kale sitolo zawo kumizinda. Ku Limbe analiko, koma mtengo wake sunali wa mphunzitsi.

Ndiye mlamu wake Iddi, mchimwene wake wa Zena wa ku Katuli, anati asadandaule. Kutsidya kwa malire kunali nyumba zomwe Apwitikizi anazisiya, madenga atagwa koma pansi pali bwinobwino. Iddi ankakanganula matailosiwo n'kumawabweretsa panjinga, ochepaochepa, m'matumba a chinangwa. Njira yake inkadutsa kwa anthu a mfuti a nkhondo ya kumeneko, ndipo amenewo sankadutsitsa munthu ulele. Iddi ankawasiyira mchere ndi sopo. Masiku amenewo zimenezi zinali ndi dzina lake: kudyetsa zigawenga.

"Ndamva za pansi panupa," anatero a Bonface. "Tauni yonse ikukamba."

Simioni anadzitukwana chamumtima. Ndi iye yemwe amene anaitana aphunzitsi anzake sabata yatha kuti adzaone, mpaka kuwavulitsa nsapato pakhomo ngati akulowa mumzikiti.

A Bonface anawerama n'kugogoda tailosi imodzi ndi chala. "Awa si a ku Limbe. Ku Limbe ndazungulira sitolo zonse. Munawagula kuti?"

Bodza lomwe Simioni anali atakonza linafera pakhosi. Ngati munthu wazungulira kale Limbe yense, ndiye kuti fayilo ilipo, yonenepanso. Anakumbukira mphunzitsi mnzake amene anakwera Landirova yomweyi zaka zitatu zapitazo. Mkazi wake ankagulitsabe zitumbuwa padepoti, osadziwa ngati ndi wamasiye kapena ayi. Anthu ankanong'ona kuti ukaulula msanga amakumvera chisoni, ukawatayitsa nthawi amakuiwala m'ndende momwemo.

"Si ine, bwana."

"Si inu chiyani?"

"Ndi alamu anga, a Iddi a ku Katuli. Ine malire sindinawadumphepo chibadwire."

A Bonface anadzutsa mutu. "Aphunzitsi, taimani kaye..."

Koma pakamwa pa Simioni panali patatseguka ngati mpopi wothyoka. Anatchula mudzi wa Iddi ndi njira ya kuseri kwa phiri. Anatchula mchere, anatchula sopo. Anatchula ngakhale dzina la mkulu wa anthu a mfuti aja, lomwe Iddi anangolinena kamodzi akuseka. Mantha anamupatsa mutu wabwino, sanaiwale kanthu. Kuchipinda kunamveka kaphokoso ngati munthu watsamwa madzi, kenaka kunangoti zii.

Atamaliza anamva thupi kupepuka. Manyazi anali asanafike. Anali wotsimikiza kuti wadziombola: anthuwa anabwera kudzafufuza, iye wawapatsa zonse popanda kuwavutitsa, ndiye amusiya pakhomo pake. Za Zena adzaziona pambuyo.

Nkhope ya a Bonface inalemera. Anayang'ana dalaivala. Dalaivala naye ankawayang'ana, osaphethira, ngati munthu amene akusunga liwu lililonse kuti akalitule kwina.

Kenaka a Bonface anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kapepala kopindapinda, n'kukatambasula patebulo. Simioni anasuzumira, kuyembekeza kuona dzina lake. Panali miyeso ya bafa ndi khitchini, yolembedwa ndi pensulo.

"Mayi a kunyumba andisowetsa mtendere, akufuna pansi ngati panupa," anatero a Bonface motsitsa mawu. "Ine ndinangobwera kudzafunsa kogula. Koma zomwe mwanenazi ndazimva, ndipo uyu wazimvanso. Ndikazisiya, mawa wokwera kumbuyo kwa Landirovayi ndi ine. Dzukani, aphunzitsi, mukatilozere nyumba ya alamu anuwo."