Chimbale Choyamba

"Tazimitsa, mwanawe, ndingasanze," anatero malume nyimbo yachiwiri isanathe n'komwe. "Gitalayu akulira ngati chitseko chadzimbiri. Nanga woyimbayu, m'mimba mukumupota?"

Woyimbayo anali mnyamata yemweyo, mwana wa mlongo wawo. Chinali chimbale choyamba cha gulu lake, ndipo ankafunitsitsa kuti malume, amene anam'phunzitsa gitala, achiyamikire.

Akutsanzika mwamanyazi, malume anamuyitana. "Zimbalezo undisiyireko zingapo."

Mnyamatayo anapita akumwetulira. Kani mkuluyu wazikonda chamumtima!

Atabweranso Loweruka, anapeza zimbale zija zikulendewera pachingwe m'dimba, zikunyezimira padzuwa.

"Apa pokha ntchito wagwira, mwanawe," anatero malume, khasu lili m'manja. "Chipachikireni zimenezi, palibe mbalame yaterapo ngakhale imodzi."