Nambala ya pa Khoma la Golosale

Loweruka, pa 3 Ogasiti 2024, a Yoramu Kachigamba anakwera pa mpando, burashi ili m'manja, n'kufufuta 291 pa khoma la golosale yawo ku Manjawira. Pamwamba pa nambalayo panali mawu amene sankasintha: DR SILVESTER KACHIGAMBA, OM'TCHULA PA DZIKO LONSE.

“Tawina, lero angati?”

“Mazana atatu ndendende, ababa,” anatero mwana wawo wamkazi, maso ali pa foni.

A Yoramu anaphunzitsa masamu ku pulayimale zaka 34, ndipo nambala ankazikhulupirira kuposa anthu. Mwana wawo woyamba, Silvester, anali katswiri wa maselo, tizigawo ta thupi tooneka pa makina okha. Iyeyo ndiye anawauza kuti wasayansi sayezedwa ndi suti kapena galimoto, koma ndi kuchuluka kwa anzake amene amatchula kafukufuku wake polemba wawo. Kuyambira pamenepo, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse linali tsiku la utoto.

Kafukufukuyo anatuluka mu 2018. Zaka zinayi zoyamba nambala inkakwawa ngati birimankhwe, mpaka kuima pa 41. Kenako mu Malichi 2022 inayamba kuthamanga. Mwezi womwewo Silvester anaimba foni kunena kuti ntchito yachuluka, sazioneka kumudzi kawirikawiri. Mwezi womwewonso Tawina anatsika minibasi ndi chikwama chimodzi. Zaka zisanu zogwira ntchito mu labotale ya mchimwene wake zinathera pamenepo.

“Ndam'chotsa, ababa. Ulesi ndi nsanje,” anafotokoza Silvester.

A Yoramu sanafunse zambiri. Anamuika mtsikanayo kuseri kwa kauntala kuti azigulitsa sopo ndi mchere, n'kumupatsanso ntchito yoona nambala pa foni mwezi ndi mwezi. Ankati imeneyo ndiyo mankhwala a nsanje.

Lero pakhonde panakhala akuluampingo anayi, pamodzi ndi wapampando wawo, a Maynard. Sukulu ya mpingo inali itamanga chipinda cha sayansi, ndipo chinkafunika dzina. A Yoramu anali atayenda miyezi isanu ndi umodzi, khomo ndi khomo, kuti dzinalo likhale la mwana wawo. Chotsala chinali chakuti akuluakuluwa aone ndi maso awo.

Atamaliza kulemba ziro wachiwiri wa 300, a Yoramu anatsika, n'kukatenga felemu imene inkakhala pamwamba pa shelefu ya shuga. Munali zithunzi zitatu za maselo, zodulidwa mu kafukufuku uja.

“Odwala atatu osiyana, khansa ya chiwindi,” anatero, chala chikuyenda pa galasi. “Mankhwala a mwana wanga anapha maselo oipa mwa onse. Taonani kufanana kwake. Choonadi chimatero, sichisintha nkhope.”

A Maynard anavala magalasi n'kuwerama. “Nanga kadontho aka konga nyemba? Apa kali pamwamba, apa kali pansi, apa kali pambali.”

“Zimenezo n'za ophunzira, achimwene. Ife tiziona nambala.”

Anaseka onse. Tawina anabwera ndi thireyi ya tiyi, nagwada. A Yoramu anamuyang'ana, mtima uli m'malo. Pamaso pa anthu m'pamene phunziro limalowa.

“Uyunso anapita ku yunivesite, musamuone chonchi. Fizi yomweyo, mabuku omwewo. Tawauza alendo, iwe unalemba makafukufuku angati?”

“Ndinalemba kalata imodzi yokha, ababa. Masamba awiri.”

“Mwamva? Masamba awiri. Mimba imodzi, koma wina dziko likum'tchula, wina akuyeza mchere pa sikelo. Ndinataya mbewu pa thanthwe.”

Mkulu wina anatsokomola n'kuyang'ana kumsewu. Tawina anathira tiyi m'makapu onse asanu osadonthetsa ngakhale pang'ono.

A Maynard anatsegula kope la komiti. “Ife takhutira, aphunzitsi. Koma mpingo udzafunsa. Anthu mazana atatuwa amati chiyani za mwana wathu? Tilembeko mawu awiri atatu oti tidzawerenge tsiku lotsegulira.”

Funso limeneli a Yoramu anali asanalifunsepo. Chingerezi cha m'mapepala amenewo chinali cholimba ngati chimanga chokazinga, ndipo nambala inkawakwanira. Koma mwayi wina unali utapezeka.

“Iwe, imirira apo. Uwerenge mokweza, m'Chichewa, mmodzimmodzi. Pakamwa pako pomwepo patuluke ulemu wa mchimwene wako.”

“Ndiwerengedi, ababa?”

“Kodi ndachita chibwibwi?”

Tawina anaika thireyi pansi, napukuta manja pa chitenje. Anaimirira pansi pa nambala yonyowa ija, utoto ukunyezimira padzuwa. Anthu a pa shopu yoyandikana anayamba kusendera. A Yoramu anakhala pa mpando, anapinda mwendo, n'kutseka maso kuti amve bwino.

“Wa mazana atatu ndi wa ku Japan, wa sabata yatha,” anayamba Tawina, mawu ali phee. “Mutu wake ukuti: Mmene tingagwirire zithunzi zabodza, phunziro la nkhani ya Kachigamba. Enawa, kuyambira wa 42, akunena zomwezo. Chithunzi n'chimodzi, ndinachijambula ndine, achimwene anangochitembenuza katatu. Kafukufukuyo anafufutidwa pa 9 Malichi 2022, chifukwa cha kalata ya masamba awiri ija.”

Cholembera cha a Maynard chinaima. Tawina anayang'ananso pa foni.

“Yakwera, ababa, pano ndi 301. Ndikugwirireni mpando?”