Mawu Othokoza pa Maliro a Amayi

Tangoganizani: amayi amene anakhala mkulu wa mpingo zaka makumi atatu, akuzonda odwala Lachitatu lililonse, atagonekedwa m'chipatala milungu isanu anazondedwa ndi akhristu angati?

Mwana wawo wamkazi, amene ankagona pansi pambali pa bedi lawo, anaima pafupi ndi bokosi abusa atamupatsa maikolofoni.

"Auzeni anthuwa momwe mpingo unawasamalira amayi anu mpaka tsiku lomaliza."

Mlongo wake anamukoka mkono. "Achemwali, musatichititse manyazi. Ingothokozani basi."

Mwana wamkaziyo anayang'ana amayi a kwaya akupukuta misozi, ndipo anathokoza.

Kuchipatala kuja kunabwera mmodzi yekha, mlembi wa mpingo, kudzatenga kiyi wa kabati ya ziwiya za mgonero.