Wakuda Ali Kutsogolo

M'mawa wa tsiku lachitatu, Marnie anaimika galimoto m'chigwa cha Lamar, m'paki ya nyama zakutchire ya Yellowstone, maso ali psuu ndi tulo. Njati zinali zitadzaza msewu, nthunzi ikutuluka m'mphuno, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe yoganiza zopatuka.

"Waimiranji?" anafunsa agogo ake, a Orval.

"Njati, agogo."

"Ndaziona. Ndimafuna ndidziwe ngati iwe waziona."

Marnie sanaseke. Sanabwere kudzacheza. Atangomaliza sekondale, mayi ake anamutuma kuti akakhale ndi agogo masiku atatu, akaone ngati maso awo akugwirabe ntchito. Woyandikana nawo nyumba anali ataimba foni kuti mkuluyo wayamba kudutsa anthu osawapatsa moni. Ngati maso athadi, malo anali atapezeka kale kunyumba yosungirako okalamba mumzinda wa Billings, ndipo kanyumba kawo ka pachipata cha Yellowstone akanakasiya. Yankho linkafunika tsiku lachitatu lomwelo.

Ukazitape umenewu unamutopetsa. Marnie anali wamanyazi, ndipo funso lalifupi loti "Agogo, mukuona?" linkamukanika. Ndiye ankangowayang'anitsitsa.

A Orval anagwira ntchito m'pakimo zaka makumi atatu. Ankakhoma tinjira tamatabwa todutsa pakati pa akasupe otentha, n'kumatisuntha nthaka ikayamba kupsa pansi pake. Tsiku loyamba anayenda pamatabwapo dzanja lili pachogwirira, akuti akufufuza thabwa lowola. Kasupe aliyense ankamutchula dzina asanafike pachikwangwani. "Uyu amanunkha mazira owola. Wakutsogoloyo, machesi." Tsiku lachiwiri anaima mwadzidzidzi n'kunena kuti, "Dikira, aphulika." Matabwa ananjenjemera kumapazi, madzi owira n'kuthovokera m'mwamba, alendo n'kuwaombera m'manja. Koma polowa m'lesitilanti anauza Marnie kuti awawerengere zakudya, akuti magalasi aiwala. Kunena zoona, Marnie sankadziwa choti akauze mayi ake.

Njati zitapatuka, anafika pamene pamasonkhana anthu oonera mimbulu. Anali atandandalika kale m'mbali mwa msewu, aliyense ndi galasi lake loonera patali loima pamiyendo itatu. Ankayankhula monong'ona, ndipo tiwailesi tawo touzirana za mimbulu imene yaoneka tinkalira m'matumba a majekete.

"A Orval, mukadali moyo?" anatero mayi wina wachipewa chaubweya.

"Ndikudikira kuti muyambe ndinu, a Dottie."

"Mudikira mpaka kale. Kamtsikanaka n'kandani, kongoyang'ana pansi?"

"Mdzukulu wanga. Amutuma kuti adzandiyeze ngati ndaola."

Marnie sankadziwa kuti agogo akudziwa. Pothawa maso a anthu anatsitsa galasi lawo lakale m'galimoto, n'kutambasula miyendo yake ndi zala zouma ndi chisanu. Asanaikepo diso, agogo anamukankha ndi chigongono.

"Choka apo. Iwe ungaloze mwala n'kumautcha mmbulu."

A Orval anawerama, n'kutembenuzira galasilo kutsidya kwa mtsinje kumene ena onse analoza. Diso lawo linakhala pagalasilo nthawi yaitali. Pamzere ponse manong'onong'o ankayenda, kawailesi ka a Dottie kakutokota, koma Marnie anali atakokera chipewa m'makutu ndipo sanamve kanthu. Ankangoona msana wa agogo ake. Anaganiza za kachipinda ka ku Billings kamene anakaona pachithunzi, kokhala ndi zenera loyang'ana poimika magalimoto.

"Isanu ndi umodzi," anatero a Orval potsiriza. "Wakuda ali kutsogolo. Wotuwa wotsimphina watsalira pamadzi."

"Imeneyo," anavomera a Dottie. "Bwera kuno, mwana iwe, udzaone panga. Agogo akowa akagwira galasi sapatsa mnzawo."

Marnie anaika diso pagalasi la a Dottie. Poyamba anangoona udzu. Kenako anaiona, yaing'onoing'ono ngati nyerere. Anawerenga: isanu ndi umodzi. Wakuda kutsogolo. Pamadzi, wotuwa akukoka mwendo.

Kutopa kwa masiku atatu kunamugwira, koma kunali kutopa kokoma. Anapita kuseri kwa galimoto n'kulembera mayi ake uthenga: "Maso awo ali bwino kuposa anga. Asiyeni kwawo." Uthengawo unachedwa kupita, koma unapita. Yankho silinachedwe: "Wagwira ntchito. Ndawauza a ku Billings kuti malowo apatse wina."

Dzuwa litakwera, mimbulu inalowa m'mitengo, anthu n'kuyamba kupinda zipangizo zawo. A Orval anaweramuka, akusisita msana.

"Wamulembera mayi ako?"

"Eya."

"Wati chiyani?"

"Zoona zokhazokha."

A Orval anagwedeza mutu, n'kuyamba kupita kugalimoto, dzanja lili patsogolo pang'ono.

Marnie anatsala kuti alongedze. Galasilo linkafunika kutseka kumaso lisanalowe m'thumba, ndiye anayamba kufunafuna kachivundikiro kake kakuda. Anapisa m'matumba onse a jekete. Anayang'ana m'udzu, ngakhalenso pansi pa galimoto. Sankakumbukira kumene anakaika, ndipo anali atatopa kwambiri moti sakanatha kuganiza.

Kenako anazungulira kutsogolo kwa galasilo. Kachivundikiro kanali pomwepo, kotseka ndithu. Panalibe amene anakachotsa m'mawa wonsewo.