Ngolo ya Alendo

A Hosea anabaya tchizulo pakona ya ngoloyo, tchizulo n'kumira ngati alasa papaya lakupsa. Atachizula ananunkhiza nsonga yake. Fungo la chinyontho chakalekale.

"Yawola mpaka m'kati," anadziuza okha.

Ngoloyo inabwera ndi mwana wawo Aristides, amene anaikoka ndi galimoto yobwereka kuchokera ku Lichinga. Ikakhala yotseka umangoti ndi bokosi la matayala awiri, koma ukatukula chivindikiro, lona ankadzuka n'kusanduka kachipinda, bedi lili momwemo. Mwini wake woyamba anaisiya pamvula zaka zingapo. Madzi ankalowa pamsoko wa lona, kutsikira kunsi kwa bedi, n'kumadya matabwa mwakachetechete.

"Mungaikonze, Ababa?" anafunsa Aristides tsiku limene anafika nayo. "Alendo odzaona nyanja ayamba kubwera mwezi wamawa. Ndikufuna malo ogona akwane."

Funso limenelo linawakomera a Hosea kuposa chilichonse chimene anamva chaka chonsecho. Zaka makumi anayi anakhoma maboti pa Msumba, ndipo maboti awo ankafika ku Likoma osamwa madzi. Maso atayamba kuchita nkhungu, anthu anasiya kubwera. Akazi awo, mayi Adélia, atamwalira, nyumba yawo yazidina nayo inagwa ndi mvula. Aristides anamanga yanjerwa pamalo omwewo, n'kuwapatsa chipinda chimodzi. Kuyambira pamenepo anasanduka munthu wongolandira: chakudya, mankhwala, mpando pakhonde. Panalibe wowapempha kanthu. Tsopano mwana wawo anali atakumbukira kuti bambo ake ali ndi manja.

Anayamba ndi kuzula. Pulaiwudi wapansi ankangonyenyeka m'zala ngati makaka ofumbwa. Chowola sachinyengerera, ndiye ankadula ndi sowo, n'kugogoda, n'kudulanso, mpaka atapeza thabwa lolira bwino. Zitsulo za kunsi anazipala dzimbiri, n'kuzipaka oilo. Kenako anaisiya ngoloyo yotsegula masiku atatu kuti dzuwa limwe chinyontho chonse.

Aristides anabweretsa matabwa a paini kuchokera ku Metangula, opyapyala, ena adakali ndi utomoni. A Hosea anadinda limodzi ndi chikhadabo, chikhadabo n'kusiya chizindikiro.

"Awa dzinja limodzi basi, mwanawe."

"Ndi omwe apezeka, Ababa. Bola pakhale popondapo."

Mawuwo anawasowetsa mtendere. Ankaona m'maganizo mwawo mlendo atabooka naye pansi, nkhani n'kufalikira kuti kwa Aristides sikogona. Mwana wawo anali ataika mtima wake wonse pa ntchito imeneyi.

Kunsi kwa bedi lawo, m'chipinda chawo chija, kunali matabwa asanu ndi limodzi a mbawa. Anagula khumi ndi awiri kalekale, maso adakali akuthwa. Theka linakhala bokosi limene linapita ndi mayi Adélia kumanda a kuseri kwa tchalitchi, theka linkadikira iwo. M'mawa wina anawakoka limodzilimodzi mpaka pabwalo.

Aline, mkazi wa Aristides, anawapeza akuwapukuta fumbi. Anaima chilili, tsache lili m'manja.

"Apongozi, matabwa amenewo si aja a..."

"Ndi omwewo. Wakufa sasankha pogona, mama. Wamoyo ndiye amamva kuzizira."

Aline analowa m'nyumba mofulumira osacheuka. A Hosea anati ndi manyazi a mpongozi, n'kutenga pulena.

Sabata ziwiri sanakhalepo pampando wa pakhonde. Kumene maso ankalephera, zala zinkaona. Thabwa lililonse analipala, kuliyesa, kulipalanso, mpaka linagona pa linzake osasiya mpata wolowa ndi nyerere yomwe. M'mipata anathira phula monga ankachitira ndi maboti. Msoko wa lona anausoka ndi ulusi wa ukonde, kawiri. Pa zidutswa zotsala anakhoma kashelefu koti mlendo aziikapo foni, ndi kambedza kokolekapo neti ya udzudzu. Msana unkawawawa, koma anayambanso kuimba nyimbo za kwaya akugwira ntchito, zimene anasiya chimwalirireni akazi awo.

Atamaliza anagona pabedipo masana kuti amve zimene mlendo adzamve. Lona anatentha ngati uvuni. Anaitana Aristides, ndipo awiriwo anaikankha ngoloyo mpaka pansi pa mtengo wa mango, kumapeto kwa bwalo. A Hosea anaitembenuza kuti khomo lisayang'ane kumene mwera umachokera, n'kutsamiza matayala ndi miyala.

Loweruka, tsiku lofika alendo, anavala malaya awo a kutchalitchi. Aristides atatuluka m'nyumba, anamukokera kungoloko. A Hosea anakwera, n'kudumpha kawiri pa matabwa a mbawawo ngati mnyamata. Pansi sipanalire n'komwe.

"Wamva? Zaka makumi awiri sudzakhomaponso msomali."

"Mwagwira ntchito, Ababa," anatero Aristides, maso ali pa nsapato zake.

"Nanga afika nthawi yanji? Ndikufuna ndiwaonetse ndekha katsegulidwe kake. Chivindikirochi chimafuna ulemu."

Aristides anacheukira kunyumba.

"Alendo amafuna m'nyumba, Ababa, momwe muli magetsi ndi bafa. Anasungitsa zipinda zonse."

Kumbuyo kwake Aline ankadutsa pabwalo akubwera kumtengo wa mango, atasenza sutikesi ya a Hosea, bulangete lawo lili paphewa, misozi ikutsika osaipukuta.