Boti Lochokera Kumanzere

Boti lobiriwiralo linatulukira kumanzere pamene Bakali ankauza apaulendo ake kuti asunthire pakati. Anali atanyamuka ku Makanjira m'mawa ndi anthu khumi ndi anayi, matumba a chinangwa chouma ndi njinga ziwiri, ulendo wa ku Nkhudzi. Mwera unali utayamba kale. Mafunde ankamenya boti m'nthiti, ndipo panangotsala chikhatho chimodzi kuti madzi ayambe kulowa.

Bakali anatsinzina diso limodzi n'kuliyeza botilo ndi msomali wa m'mphepete mwa boti lake. Anadikira pang'ono, n'kuyezanso. Linali pomwepo, pamsomali, koma litakula. Woyendetsa boti aliyense amadziwa tanthauzo lake: mukapitiriza choncho, mukumana pamalo amodzi.

Sanade nkhawa. Malamulo a panyanja anawaphunzira ku Monkey Bay, ndipo ankawadziwa ngati dzina lake. Maboti awiri akamadutsana, amene akuona mnzake kudzanja lamanja ndiye amapatuka n'kudutsa kumbuyo. Winayo sakhota, sachepetsa liwiro, kuti mnzakeyo adziwe pomulambalala. Apa woyenera kupatuka anali wa boti lobiriwiralo.

Kenako anaona mzere woyera wa m'mbali mwake, ndi jekete lofiira likusuzumira kuseri kwa mulu wa maukonde. Anali Sefu, mng'ono wake.

Chaka chinali chitatha awiriwa osalankhulana. Boti lobiriwiralo linali la malemu bambo awo. Pa sadaka ya maliro, akuluakulu atagamula kuti wamkulu ndiye alisunge, Sefu anaimirira pamaso pa anthu onse. "Achimwene, ndakhala ndikukupatukirani chibadwire. Zakwana!" M'mawa mwake analikankhira m'madzi n'kusamukira nalo kugombe lina.

Ndiye lero wasankha pano, pakati pa nyanja, Bakali anaganiza. Akufuna anthu akafike ku Nkhudzi akusimba kuti wamkulu anathawa mng'ono wake.

Anatulutsa wezulo m'thumba n'kuiimba kasanu, mofupikitsa, chizindikiro chofunsa mnzako kuti akufuna kutani. Boti lobiriwira silinasinthe. Linkabwera ndi mphepo kumbuyo, lopepuka, mphuno ili m'mwamba, likuwaza madzi uku ndi uku.

"Che Bakali, kodi uyo akutiona?" anafunsa mayi Mwanamvua, amene anakhala pafupi naye atakumbatira dengu la nkhuku.

"Akutiona bwinobwino."

"Nanga bwanji osakhota inuyo?"

Bakali akanawafotokozera bwanji? Akakhotera kumanzere, alowa m'kamwa mwa Sefu. Akachepetsa moto, boti lolemera chonchi ligona m'mafunde n'kumwa madzi. Akakhotera kumanja nthawi isanakwane, Sefu nayenso n'kusintha maganizo, awombana pomwe onse amathawira. Lamulo linali kumbali yake, koma lamulo silikanagwira chiwongolero cha munthu wina.

Anaimbanso wezulo. Anavula chipewa n'kuchikupiza m'mwamba. Anafuula dzina limene sanalitchule chaka chonse.

"Sefu! Iwe Sefu! Muli ana muno!"

Mphepo inalibweza dzinalo kumaso kwake. Jekete lofiira silinatembenuke n'komwe. Linangokhala chowerama, ngati munthu amene watsimikiza mtima kuti sakuyang'ana.

Apaulendo anayamba kuimirira, boti n'kupendekeka. "Khalani pansi!" Bakali anakalipa. Bambo wina wachikulire anayamba kupemphera mokweza, mayi wina akuitana Yesu, mwana akulira kumsana. Tsopano phokoso la injini ya Sefu linkamveka bwino, injini yakale ya bambo awo ija, yokhosomola. Bakali anaiphunzira ali mnyamata, Sefu ali pambali pake akumugwirira sipanala. Munthu angadane ndi mbale wake mpaka pamenepa? Mpaka kumiza anthu osalakwa chifukwa cha matabwa?

Lamulo lomwelo lili ndi mawu otsiriza: ukaona kuti mnzako sapatuka ndipo ngozi yafika, chita chilichonse chimene ungathe. Bakali anati mumtima: Wapambana, Sefu. Anakankha mpini ndi mphamvu zake zonse, boti n'kukhotera kumanja.

Funde linakwera kumbuyo n'kukhuthukira m'miyendo mwa anthu. Thumba limodzi la chinangwa linagwera m'nyanja. Kenako kunamveka kukhuluzika kwa matabwa, boti lobiriwira likudzikhula m'nthiti mwa lake, kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo. Njinga zinagwerana. Nkhuku zinalira. Koma boti linadzuka, ndipo palibe anagwera m'madzi.

Bakali anaimirira, mawu onse amene anawasunga chaka chathunthu ali pakamwa. Botilo linali pafupi moti akanatha kuligwira ndi dzanja. Anayang'ana kuseri kwa maukonde kuja kuti amuone Sefu m'maso.

Jekete lofiira linali lokoledwa pankhafi yozikidwa m'maukonde, kuti liume. Mpini wa injini unali womangidwa ndi chingwe, monga amachitira msodzi akakhala yekha n'kufuna kukapa madzi. Chokapira chinkayandama pansi. M'botimo munalibe munthu.

Bakali anatembenukira kumene linachokera, kufuna mzere wa thovu umene linasiya pamadzi, kuti umulondolere pomwe Sefu anagwera. Mafunde anali ataufafaniza kale.